Yambani ndi botolo la madzi otentha

Achemwali, ngati mukumva ululu wa m'mimba pa nthawi ya msambo, choyamba tenthetsani pachinena. Thirani madzi otentha, osati owira, m'botolo lotsekeka bwino, mulikulunge ndi chitenje chopinda kawiri, kenaka muliike pachinena kapena m'chiuno kwa mphindi 15 mpaka 20. Musaliike pakhungu popanda nsalu ndipo musagone nalo tulo, limawotcha. Ululuwo umabwera chifukwa chiberekero chimafinya kuti chitulutse magazi, ndiye kutentha kumamasula minofu yake.

Jinja amathandizanso ambiri. Sinjani kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, mukawiritse m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 10, muzimwa kawiri kapena katatu patsiku m'masiku atatu oyamba. Mukachulutsa amayambitsa chilungulira. Kuyenda pang'onopang'ono kumapepukitsanso kusiyana ndi kungodzipinda pamphasa tsiku lonse.

Zikakanika, imwani Ibuprofen wa 400 mg mutadya kaye, maola 8 aliwonse. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi kudikira kuti ululu ufike povuta. Amagwira bwino mukamwa msambo ukangoyamba. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, mphumu, vuto la impso kapena mukukayikira kuti muli ndi pakati, musamwe, gwiritsani ntchito Panado.

Chonde pitani kuchipatala ngati padi ikudzaza ola lililonse, ululu ukukulirakulira mwezi ndi mwezi, mukumva kupweteka ngakhale simukusamba, kapena thupi likutentha ndipo kukutuluka zonunkha. Zingakhale zotupa za m'chiberekero, endometriosis (pamene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake) kapena matenda ofuna mankhwala. Ngati munadumphitsa msambo kenaka mbali imodzi ya m'mimba ikubaya kwambiri, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapha msanga.