Bambo anu alibe HIV, nanga chitetezo chawo chatsikiranji?

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo kuti bambo ake, omwe akhala akudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, adauzidwa kuchipatala kuti impso zawo zafooka, ndipo chiyambire pamenepo zithupsa, chifuwa ndi malungo sizikuwapatsa mpata. Adawayeza HIV koma sadawapeze nako kachilomboko. Akufunsa ngati impso zingatsitse chitetezo cha m'thupi, komanso ngati kuli koyenera kuwagulira mankhwala okweza chitetezo amene anthu akuwauza.

Mayi, impso zikadwala kwa nthawi yaitali chitetezo chimasokonekeradi, koma osati monga zimachitikira ndi HIV. Ntchito ya impso ndi kusefa magazi, ndipo zikalephera, zinyalala zoyenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi momwe asilikali a m'thupi amakhala. Asilikali amene amameza tizilombo amachedwa kufika pabala, ndipo akafika sapha tizilomboto mokwanira. Ena otchedwa T cells, omwe amatsogolera nkhondoyo ndi kukumbukira adani akale, amachepa ndi kukalamba msanga. Ngati mkodzo wa bambo ukuchita thovu losatha msanga, mwina akutaya mapuloteni, ndipo pakati pa mapuloteniwo pamakhalanso ena olimbana ndi matenda.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti chitetezo chomwechi, ngakhale chili chofooka polimbana ndi tizilombo, chimakhala chotekeseka usana ndi usiku, ngati mlonda woledzera amene akumenya eni nyumba pomwe mbava zikulowa. Kutekeseka kumeneku kumawononga mitsempha ya magazi, kumachotsa chilakolako cha chakudya, ndiponso kumawonjezera kuchepa kwa magazi. N'chifukwa chake odwala impso ambiri amamwalira ndi matenda a mtima, ndipo pambuyo pake pamabwera matenda oyambitsidwa ndi tizilombo.

Pa chifukwa chimenechi, ine sindikuvomereza za mankhwala okweza chitetezowo. Vuto si kusowa kwa chokweza, vuto ndi magazi osasefedwa bwino, ndipo botolo la zitsamba lomwe simudziwa zimene zili m'katimo lidzafunika kusefedwa ndi impso zotopa zomwezo. Brufen, diclofenac ndi indocid, zomwe anthu amagula pagolosale mutu ukawawa, nazonso zimapweteka impso, musawapatse.

Katemera amagwirabe ntchito, kungoti thupi silimuyankha mwamphamvu. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, amene munthu wamkulu amabayidwa katatu, odwala amene ali pa makina osefera magazi (dialysis) amalandira mlingo wowirikiza kawiri, nthawi zambiri kanayi. Ndi bwino kufunsa za katemerayu panopa, bambo asanafike poti akwere zitunda kupita kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kukalowa pa makina a dialysis, chifukwa impso zikamafookerabe katemera nayenso amachepa mphamvu.

Kuno kuchigwa tili ndi zathu zapadera. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wa impso zofooka akatsegula m'mimba tsiku limodzi lokha amatha kutaya gawo la mphamvu ya impso limene silidzabwereranso. Tidaona mmene madzi adaipira Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, kolera ali kale m'dziko muno. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthiramo klorini, bambo azigona m'neti ngakhale kutenthe, ndipo asamalowe m'madambo a Shire, poti likodzo limatha kutseka njira ya mkodzo. Kuchuluka kwa madzi oti azimwa pa tsiku kufunse kwa adokotala, maka ngati miyendo yatupa.

Musadikire kuti thupi litenthe kaye kuti mupite nawo kuchipatala. Odwala impso ena amakhala ndi chibayo thupi lili lozizira, chizindikiro chake n'kungofooka, kukana nsima kapena kuyankhula zosokonekera. Chifuwa chikatha masabata awiri, akayezetse makhololo, popeza chifuwa chachikulu chimawagwira mosavuta. Kulikonse kumene mupite nawo muzitenga buku lawo lakuchipatala ndi kunena msanga za impsozo, chifukwa mlingo wa mankhwala ambiri opha tizilombo umayenera kuchepetsedwa.