Kodi ku Las Vegas kudakali kotchipa? Yankho kwa mayi a ku South Bend

Mayi ena a kwathu okhala ku South Bend, Indiana, andilembera imelo. Akuti anakachezako kale ku Las Vegas, mzinda wa ku America wotchuka ndi juga, ndi amuna awo, ndipo amakumbukira chipinda chotchipa, poimika galimoto paulere ndi buffet yodya mpaka kutopa. Pano akufuna kubwererako kukakondwerera ukwati wawo, koma mitengo yawaziziritsa m'nkhongono. Akufunsa kuti chatsitsa dzaye n'chiyani, nanga apitebe?

Mayi, zimene munaona kale zija inali nyambo. Eni makasino ankakugonekani ndi kukudyetsani motchipa podziwa kuti ndalamayo mukaisiya patebulo la juga. Pano mahotelo a pa Strip, msewu waukulu wa makasino, amapeza ndalama zambiri pa zipinda, zakudya, mowa ndi zisudzo kuposa pa juga yeniyeniyo. Komanso makampani aakulu awiri, MGM Resorts ndi Caesars, anagulitsa nyumba zawo zambiri ndipo tsopano amalipira lendi kwa eni atsopano monga VICI Properties. Lendiyo, mayi, ikutuluka m'chikwama mwanu.

Chopweteka kwambiri ndi resort fee. Iyi ndi ndalama imene amawonjezera pa usiku uliwonse, ati ya intaneti, jimu ndi foni ya m'chipinda, kaya mwazigwiritsa ntchito kaya ayi. M'mahotelo apamwamba monga Bellagio, Aria ndi Caesars Palace inafika madola 50 kapena kuposerapo, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa 13.38 peresenti. Kugona masiku atatu ndiye kuti madola pafupifupi 170 apita, chipinda chenichenicho musanachiwerengere. Kuyambira pa 12 May 2025, lamulo la bungwe la boma la FTC limakakamiza mahotelo kuonetsa mtengo wonse poyambirira. Silinathetse ndalamayo, linangoletsa kuibisa.

Kulipiritsa poimika galimoto anayambitsa a MGM mu 2016, anzawo n'kutsatira. Ma buffet ambiri anatsekedwa nthawi ya Covid mu 2020 osatsegulidwanso, ndipo otsalawo, monga Bacchanal, si a munthu wa m'thumba mochepa.

Ngati bambo a kunyumba amakonda kutchova pang'ono, muwauze izi. Pa blackjack, juga ya makadi, matebulo ambiri otchipa amalipira 6:5 m'malo mwa 3:2, kutanthauza kuti mukaika madola 10 n'kupeza blackjack mumalandira 12, osati 15. Pa roulette, juga ya gudumu lozungulira, anabweretsa gudumu la maziro atatu m'malo mwa awiri, limene limakweza gawo limene kasino amadya pa ndalama zotchovedwa kuchoka pa 5.26 kufika pa 7.69 peresenti. Ine izi zimandinyansa kuposa resort fee, chifukwa amene amakodwa ndi mlendo wosadziwa, amene wangokhala pampando chifukwa pali magetsi okongola.

Anthu nawo sanangopinda manja. Mu 2024 mzindawu unalandira alendo 41.7 miliyoni, koma mu 2025 chiwerengero chinatsika, ndipo mahotelo ena anayamba kutulutsa zotsatsa zochotsa resort fee kwa kanthawi. Zifukwa ndi zingapo (anthu a ku Canada, mwachitsanzo, anachepetsa maulendo a ku America pa nkhani zandale), koma kudandaula za mitengo kunali ponseponse. Amene akupitabe asintha kapitidwe. Ambiri amasankha pakati pa sabata, amagona ku Fremont Street, dera lakale la mzindawu, kapena kwina kunja kwa Strip monga kuhotelo ya South Point, madzi ndi zakumwa n'kukagula kusitolo. Ena sapitanso, amangotchova pafupi ndi kwawo, poti makasino ali m'madera ambiri tsopano. Inu nomwe muli ndi Four Winds ku South Bend komweko.

Ndiye mupite? Pitani, koma ngati anthu okaona malo. Akasupe ovina a pa Bellagio ndi aulere, Hoover Dam ndi Red Rock Canyon zili pafupi. Pewani sabata ya mpikisano wa Formula 1 mu November ndi ya chionetsero cha zipangizo zamakono cha CES mu January, zipinda zimakwera moopsa. Galimoto ya hayala musavutike nayo ngati mukhala pa Strip, basi yotchedwa Deuce imayenda usana ndi usiku.

Wina akuuzani kuti khadi la umembala la Caesars Rewards pa mlingo wa Diamond, kapena la MGM Rewards pa Gold, limachotsa resort fee. N'zoona. Koma kuti mufike pamenepo mwa kutchova, mudzataya ndalama zochuluka kuposa madola 170 aja.