Kodi kahatchi kakang'ono kangachotse mantha a munthu wamkulu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kumpoto kwa England, ndipo andilola kuwayankhira pano osatchula dzina. Ali ndi zaka 44, amalemera makilogalamu 68, ndipo kukwera hatchi anakuyamba ali aakulu kale. Chaka chatha hatchi yaitali ya pasukulu yomwe amaphunzira inadzidzimuka n'kuwagwetsa. Sanathyoke paliponse, koma kuyambira tsiku limenelo akangoyandikira hatchi manja amanjenjemera. Tsopano mnzawo wa kuntchito akufuna kuwapatsa pony, kapena kuti hatchi yaifupi, ya mtundu wa Welsh Section A, yotalika masentimita 117, poti ana ake akula ndipo sakuikweranso. Funso lawo ndi ili: "Imeneyi ikandigwetsa, pansi m'pafupi. Kodi ndiitenge?"

Mayi, pepani chifukwa cha ngoziyo, ndipo zikomo kuti simunataye mtima. Koma pony imeneyi musaitenge kuti muziikwera. Maganizo anu ofuna hatchi yaifupi ndi abwino ndithu, kungoti mwatsika mopitirira muyeso.

Tiyambe ndi msinkhu, poti dzina lakuti pony limaphimba nyama zosiyana kwambiri. Hatchi amaiyeza kuchokera pansi kufika pachitunda cha pakati pa mapewa, pamene khosi limayambira. Kumeneko mukumva akuwerenga ndi "manja": dzanja limodzi ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10 ndi pang'ono. Iliyonse yosapitirira manja 14.2 (kutanthauza manja 14 ndi mainchesi 2), omwe ndi pafupifupi masentimita 148, imawerengedwa ngati pony. Choncho Shetland, yomwe siloledwa kupitirira masentimita 107, ndi pony. Highland ya ku Scotland, yomwe imatsitsa gwape wamkulu wophedwa kuchokera m'mapiri, nayonso ndi pony. Welsh Section A ili kumunsi kwenikweni, malire ake ndi manja 12, ndipo masiku ano ntchito yake yaikulu ndi kunyamula ana.

Nkhani yolemera ndi imene sindingainyengerere. Anthu a mahatchi amayendera lamulo lakuti wokwera, pamodzi ndi chishalo, nsapato, chipewa ndi zovala, asapitirire 20 peresenti ya kulemera kwa hatchiyo. Mu 2008 ofufuza a ku Ohio ku America anasenzetsa mahatchi 8 katundu wa 15, 20, 25 ndi 30 peresenti. Pa 25 ndi 30, mtima ndi kupuma zinkakwera, ndipo minofu inkasonyeza kupweteka. Ku England, Dr Sue Dyson, yemwe ankagwira ntchito ku Animal Health Trust, anayesa okwera a matupi osiyanasiyana pa mahatchi omwewo, ndipo okwera olemerawo ankaimitsidwa asanamalize chifukwa mahatchi ankayamba kutsimphina kwa kanthawi. Chimene chimandikhudza m'kafukufuku ameneyu n'chakuti zimenezi zinkachitika ngakhale kwa wokwera amene sanafike pa 20 peresenti. N'chifukwa chake ambiri tsopano amati 15 peresenti ndiye pabwino, makamaka kwa munthu amene sanakhazikike bwino pachishalo.

Tiwerengere za inu. Makilogalamu 68, kuwonjezera chishalo ndi zovala, tinene kuti 76. Pony ya masentimita 117 ya mtundu umenewo imalemera cha m'ma 230. Gawo la 20 peresenti pamenepo ndi makilogalamu 46 basi. Inu mukakwera, kanyamako kasenza gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake lonse. Kuti mukhale pa 20 peresenti mukufunika hatchi ya makilogalamu 380, ndipo kuti mukhale pa 15, ya cha m'ma 500. Mnzanuyo mwina anena kuti pony yake ndi yonenepa, imalemera kuposa pamenepa. Mafuta sanyamula munthu. Pony yonenepa yasenza kale katundu wake, ndiye powerenga tengani kulemera kumene iyenera kukhala nako ili bwinobwino, osati kumene ili nako lero.

Wina akuuzani kuti mapony ndi amphamvu kuposa mmene amaonekera, kuti ma Shetland ankakoka malasha m'migodi ya ku Britain lamulo la 1842 litaletsa amayi ndi ana aang'ono kugwira ntchito pansi pa nthaka. Zimenezo n'zoona. Koma kukoka ndi chifuwa n'kwina, kusenza pamsana n'kwinanso. Ndipo kuti nyama inapirira sizitanthauza kuti sinkamva ululu.

Pali chinanso chimene masamu a pamwambawa sakuchionetsa: kutalika kwa msana. Hatchi ili ndi nthiti 18 mbali iliyonse, ndipo chishalo sichiyenera kupitirira nthiti yomaliza, chifukwa kuseri kwake kuli chiuno chopanda chochirikiza. Munthu wamkulu nthawi zambiri amakwana pa chishalo cha mainchesi 17 kapena pafupi pamenepo. Msana wa Section A umalandira cha 14, mwina 15. Mukaika chishalo chokukwanani inu, chitsamira pachiuno cha pony. Mukaika chokwana pony, inu mukhalira kumbuyo kwenikweni kwa chishalocho, ndipo kulemera kwanu konse kupanikiza malo amodzi. Pony imene msana ukuipweteka imabweza makutu, imakana kuyenda, imazungulira pokwera, mapeto ake imaponya miyendo m'mwamba. Anthu amati yachita mwano, pamene ikungonena kuti yapwetekedwa.

Tsopano ndifike pa mantha anuwo, poti ndiwo mwini nkhani. Mukuganiza za mtunda wochokera pachishalo kufika pansi. Ine ndikukupemphani kuganiza za chimene chimagwetsa munthu. Pony yaing'ono imaponda pafupipafupi ndiponso mofulumira. Ikayamba kuthamanga pang'ono, kugunda kwake pansi panu kumabwera motsatizana, ndipo wophunzira sapeza mpata woti atsatire. Hatchi yokulirapo imaponda motakasa, thupi lanu limakhala ndi nthawi yomva ndi kuyankha. Kanyama kakang'ono kakadzidzimuka, kamatembenuka pamalo pomwepo, inu musanadziwe n'komwe. Kutsogolo kwanu kulibe khosi lalitali loti likutchingeni, moti kakangotsitsa mutu kuti kabudule udzu, mumapezeka mwaweramira pamakutu pake. Miyendo yanu imalendewera kupitirira mimba yake, simupeza pogwira. Zili ngati munthu wamkulu atakwera njinga ya mwana: pansi m'pafupi inde, koma kugwedezeka kumachuluka. Munthu wamantha amafuna kumva kuti pansi pake pali chinthu chotakata, chokhazikika, ndipo kapony aka sikangakupatseni zimenezo.

Kuwonjezera apo, mapony ambiri aang'ono moyo wawo wonse akweredwa ndi ana okhaokha, chifukwa wamkulu wodziwa kuphunzitsa sangakwanepo. Ena mwa iwo ndi ofatsa zedi mwana akakwera, wamkulu atagwira chingwe. Koma ambiri aphunzira kuti akalimbikira amapambana: amakokera kuudzu, amabwerera kukhola, amaima pachipata osasuntha. Ndi nyama zochenjera, ndipo munthu wokayikakayika zimamuzindikira msanga.

Kuzindikira kumeneku si nthano. Mu 2009 ku Sweden, Linda Keeling ndi anzake anauza anthu okwera ndi otsogolera mahatchi kuti akamadutsa ulendo womaliza, munthu wina atambasula ambulera mwadzidzidzi. Ambulerayo sanaitambasule n'komwe, koma mitima ya anthuwo inayamba kugunda mofulumira, ndipo mitima ya mahatchi inatsatira. Mantha anu amadutsa m'miyendo, m'manja ndi m'kapumidwe kukafika kwa nyamayo. Ndiye mukufunika hatchi imene ikamva kuti wokwera wauma thupi, iyo siichita nazo kanthu. Khalidwe limenelo silipezeka pa tepi yoyezera. Limachokera ku mtundu, ku zaka, ndi ku ntchito imene nyamayo yakhala ikugwira.

Apa ndiye pali nkhani yabwino, chifukwa kumene mukukhalako ndi kwawo kwa nyama imene mukuifuna. Mapiri a Cumbria ndi kwawo kwa Fell, yomwe sipitirira manja 14, kapena masentimita 142. Chakum'mawa kwa mapiri a Pennines kuli Dales, yomwe kale inkasenza mtovu kuchokera kumigodi. Ku Scotland kuli Highland ija, ku Wales kuli Section C ndi Section D, ku Ireland kuli Connemara. Kawirikawiri mitundu imeneyi ndi yaifupi poyerekeza ndi imene inakugwetsani, koma ambiri mwa iwo ali ndi chifuwa chachikulu, chiuno chotakata ndi mafupa ochindikala. Ofufuza a ku Ohio aja anapezanso kuti mahatchi a chiuno chotakata ndi mafupa okulirapo a miyendo ndiwo sankapwetekedwa kwambiri ndi katundu. Malemu Mfumukazi Elizabeth II ankakwerabe Fell yotchedwa Emma ali ndi zaka zopitirira 90, ndipo ambiri tinaiona itaima m'mbali mwa njira ku Windsor pa tsiku la maliro awo mu September 2022. Kuno kummwera kwa Africa, amuna a ku Lesotho amayenda m'mapiri pa mapony a Basotho, ndipo alendo amene sanakwerepo hatchi amawakweza ku Malealea ndi ku Semonkong. Palibe amene amati nyama zimenezi n'za ana. Kwa inu, ine ndingayang'ane pakati pa manja 13.2 ndi 14.2, yathupi lodzaza.

Koma musagule dzina la mtundu. Welsh Section D ambiri ndi amoto, ndipo Connemara ena amaweteredwa mpikisano wolumpha. Highland yaing'ono zaka, imene sinaphunzitsidwe, ikhoza kukukokani kudutsa bwalo lonse mwamphamvu zake. Funani yazaka zapakati pa 10 ndi 18, imene yanyamulapo ophunzira akuluakulu kwa zaka, yozolowera magalimoto, agalu ndi mapepala ouluka. Wogulitsa akanena kuti "mukulira limodzi", tembenukani. Wophunzira ndi hatchi yosaphunzira sagwirizana, ndipo wamantha ndiye kwambiri.

Ndinene mosabisa kuti ine ndikanakonda musagule kapena kulandira hatchi iliyonse chaka chino. Mantha obwera chifukwa chogwa amachoka pang'onopang'ono, pamaso pa mphunzitsi, osati muli nokha kubusa. Pezani sukulu yovomerezedwa ndi bungwe la za mahatchi la British Horse Society, ndipo muwauze zonse monga mwandiuzira ine. Aphunzitsi abwino amakumana ndi anthu otere sabata ndi sabata, sadzakusekani. Pemphani phunziro la inu nokha, pa pony yathupi yofatsa kwambiri imene ali nayo. Masiku oyamba mwina simukwera n'komwe: muzingoipesa, kuinyamula ziboda, kuiyendetsa pachingwe, kuiimitsa ndi kuibweza m'mbuyo mpaka muone kuti imakumverani. Kenako mukwere mphunzitsi atagwira chingwe chachitali, inu muzingosamala za kukhala ndi kupuma. Pemphani lamba wa m'khosi woti mugwire mukaona kuti mukutsetsereka, kuti musamakoke pakamwa pa hatchi. Lankhulani kapena imbani chapansipansi mukuyenda, chifukwa munthu amene akulankhula sangabanike mpweya. Mukaona kuti lero zakwana, tsikani zinthu zikadali bwino. Kutsika mwakufuna kwanu kumamanga mtima kuposa kupirira mpaka misozi.

Chipewa chimene munavala tsiku logwalo, ngati chinagunda pansi, chitayeni ngakhale chikuoneka chabwino kunja, poti zamkati zimaphwanyika kamodzi basi. Gulani china, akuyezeni m'sitolo momwemo, ndipo onjezerani chovala choteteza chifuwa ndi msana cha muyezo wa chitetezo wotchedwa BETA level 3. Ngati ngoziyo imakubwererani m'maloto kapena imakusowetsani tulo, kaonaneni ndi dokotala wanu. Zimenezo n'zochizika.

Mtima ukakhazikika, yambani ndi kubwereka kapena kugawana hatchi ndi mwini wake masiku awiri kapena atatu pasabata, zomwe n'zofala kumeneko. Mukadzafika pogula, pitani ndi mphunzitsi wanu, muone mwini wake akukwera kaye, muiyese m'bwalo ndi pamsewu, kawiri kapena katatu pamasiku osiyana, ndipo dokotala wa ziweto wosankha inu aipime. Onaninso chiphaso chake ndi nambala ya microchip, kachipangizo kozindikiritsa kamene amakaika m'khosi mwa hatchi, zomwe lamulo la kumeneko limafuna.

Nanga kapony ka mnzanu? Ndikudziwa kuti kukana mphatso n'kovuta kwa ife, ndipo mwina mwakakonda kale. Muuzeni mnzanuyo zoona, kuti msana wake sungakunyamuleni. Ngati akulolani, muzipita kukakapesa ndi kukayenda nako pachingwe, chifukwa pa ntchito yapansi imeneyi kakhoza kukuthandizani kwambiri. Koma kukatenga kukhala kanu ndi udindo wina. Mapony otere amafika zaka 30, safuna kukhala okha, ndipo amadwala msanga laminitis, nthenda yopweteka ya m'ziboda imene imabwera akanenepa ndi udzu wanthete, makamaka nyengo yozizira ya kumeneko ikangotha. Pamafunika kuchepetsa msipu, kusema ziboda pakatha milungu 6 mpaka 8, katemera, mano ndi lendi ya khola, zonsezi pa nyama imene simudzaikwera. Banja lokhala ndi mwana wazaka 5 kapena 6 ndi limene lingakapatse ntchito yokayenera, ndipo nthambi ya m'dera lanu ya Pony Club, bungwe la ana okwera mahatchi, ndi malo abwino oti mnzanuyo akafunseko.