Musalole akuduleni mapaipi a hita

Bambo wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo. Wagula Peugeot 504 yakale, koma timipini ta mpweya ndi hita pa dashibodi timangosuntha popanda chochitika, ndipo makaniko wamuuza kuti asavutike nazo poti kuno ku Malawi hita ilibe ntchito. Mawu amenewo andiwawa kwambiri.

Achimwene, amene ananena zimenezo sanadutsepo pa M1 pakati pa Lizulu ndi Bembeke m'mamawa wa mwezi wa Julayi. Malume anga anali ndi 504 ya pikapu yonyamulira mbatata ya kachewere. Tinkanyamuka kusanache, chifunga chili tolo, anthu atatu titapanikizana kutsogolo, galasi litachita nthunzi ndi mpweya wathu womwe. Ntchito yanga inali kupukuta ndi kansanza, koma ukamamaliza uku, uko yabwerera kale. Anthu okankha njinga zodzaza matumba tinkawaona titawafika pafupi zedi. Zonsezi zinayamba pamene hita inadontheza madzi kumapazi, wokonza wina n'kungolumikiza mapaipi ake awiri pamodzi. Anachotsanso thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, ati injini izizizira bwino.

Khalidwe limeneli ndimadana nalo. Hita ndi karedieta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Madzi otentha a mu injini amadutsamo, fani n'kukankhira mpweya wofundawo kumapazi kapena pagalasi, ndipo mpweya wofunda ndi umene umaumitsa nthunzi kuti woyendetsa aone msewu. Thermostat nayo imatseka njira ya ku redieta mpaka madzi afike pafupifupi madigiri 80. Ukaichotsa kuno ku Dedza, dera lokwera mamita pafupifupi 1,600, injini imayenda yozizira, imamwa mafuta ambiri, imathanso msanga. Amene amati akuiteteza ndi amene akuiwononga.

Komanso oyendetsa akale ankadziwa kuti ukamakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, singano ya kutentha ikayamba kukwera, umatsegula hita yonse ndi mawindo omwe kuti injini ipepukidwe. Wodula mapaipi wakulandanso thandizo limenelo. Galimoto ya 504 inatuluka mu 1968 ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004. Yapirira misewu yathu zaka zonsezi, ndiye siyenera kuphwasulidwa pang'onopang'ono chonchi.

Tsono muyambire pati

Tsegulani boneti muone ngati mapaipi awiri a rabala akulowabe kukhoma la kumbuyo kwa injini. Injini ikatentha, onse awiri azitentha mukatsegula hita. Limodzi likakhala lozizira, valavu ya hita yagwira dzimbiri kapena karedieta katsekeka ndi litsiro, katsukeni ndi madzi a paipi. Timipini timakoka mawaya, ndipo nthawi zambiri waya amangokhala kuti wachoka pa kandowe kake. Chotsaninso masamba m'timipata ta pansi pa galasi la kutsogolo, mpweya umalowera pamenepo. Bwezeretsani thermostat, ndipo muzithira kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, osati madzi a pamjigo okha.