Bwanji Webb Anaikidwa Kutali Chonchi?

FUNSO: Ndamva kuti makina oonera zakuthambo a James Webb ali kutali kwambiri. Bwanji sanawaike pafupi ndi dziko ngati a Hubble?

YANKHO: Mwafunsa bwino, nkhani yagona pa kutentha. Makinawa, amene anatumizidwa pa 25 December 2021, amaona kuwala kwa infrared, komwe chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa. Akanakhala pafupi, kutentha kwa dziko kukanasokoneza zithunzi. N'chifukwa chake ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni, kuseri kwa chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu zopyapyala, komwe galasi lake la mamita 6.5 limazizira mpaka cha m'ma -230°C.

Chodandaulitsa n'chakuti akawonongeka palibe wokawakonza. Mu May 2022 kamwala kakang'ono kanagunda chimodzi mwa zigawo 18 za galasilo, ndipo chipseracho chidakalipo.