Ndere yakuta zomera m'thanki ya nsomba: kodi mutsuke ndi sopo?

Bambo ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Ali ndi thanki yagalasi ya malita 100 yomwe ili pawindo, ndipo muli mbuna 6. Zomera zomwe anabzalamo zakutidwa ndi ndere, madzinso abiriwira. Akufunsa ngati akhuthule zonse n'kutsuka ndi sopo.

Sopo ayi, bambo. Ngakhale katsalire pang'ono amawononga nsomba, komanso mukapukuta zonse mumapha mabakiteriya a mu fyuluta (chosefera madzi) amene amachotsa ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba. Ndere ibweranso, chifukwa imadya zomwezo zimene zomera zanu zikudya: kuwala ndi zinyalala za nsomba. Pakadali pano yachulukirako ndi ndereyo.

Yambani ndi windo. Sunthani thanki pamalo pomwe dzuwa silifika, ndipo getsi liziyaka maola 6 mpaka 8 basi patsiku. Madzi obiriwirawo, phimbani thanki ndi bulangeti masiku atatu, mpope wa mpweya ukuyenda. Zomera zipirira, ndere ya m'madziyo ichepa kwambiri. Kenako sabata iliyonse chotsani malita 25 mpaka 30 ndi paipi, mukukoka litsiro la pansi pamchenga. Madzi a pampopi agone m'ndowa tsiku lathunthu kuti klorini atuluke. Chakudya chikhale choti chathera m'mphindi ziwiri.

Nkhani yaikulu ndi ya zomera. Mbuna zimafukula mchenga ndi kubudula masamba ofewa, nde sankhani zolimba. Vallisneria imamera m'nyanja ya Malawi momwemo, imakula msanga ndipo imalanda chakudya cha ndere; tchingani mizu yake ndi timiyala. Anubias ndi Java fern musazikwirire: tsinde lake logona likalowa mumchenga limaola. Zimangireni pamwala ndi ulusi, pamalo a mthunzi, poti zimakula pang'onopang'ono ndipo ndere imakonda kukhala pamasamba ake. Tsamba lomwe lada kale, dulani.

Feteleza wa kumunda, makamaka yuriya, asalowemo. Amasanduka ammonia, nsomba n'kuyamba kupuma movutikira pamwamba pa madzi.

Kuno kwathu kuli zina ziwiri. Madzi ochokera m'phiri la Mulanje ndi ofewa (alibe mchere wambiri wa m'miyala), pomwe mbuna zimafuna madzi olimba, a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya 7.5 kupita m'mwamba. Zigoba za nkhono zophwanya, zotsukidwa bwino, mu fyuluta zimathandiza kukweza pH. Chiperoni cha mu June ndi July nachonso chimaziziritsa madzi, zomera n'kuima kukula, ndere n'kupeza mpata. Hita ikhale pa madigiri 24 mpaka 26.

Koma ndereyo musaipale yonse. Galasi lakutsogolo palani ndi khadi lakale lapulasitiki, koma ya pamiyala ndi galasi lakumbuyo isiyeni: kunyanja mbuna zimakhalira kuseteka ndere pamiyala. Yoti muchotse msanga ndi ija yoterera, yonunkha, yosendeka ngati chikopa. Imeneyo ndi cyanobacteria, mtundu wa mabakiteriya wooneka ngati ndere. Ikokeni ndi paipi, ndipo lozetsani fyuluta pakona pomwe madzi sakuyenda.