Lisbon ya masiku awiri: Sintra isiyeni, m'mawa wa Loweruka upatseni Belém

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati muli anayi, nonse mumagwira ntchito kuno ku England, mwapeza mpata limodzi kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu mu Okutobala, ndipo mukufuna kupita ku Lisbon, likulu la Portugal, kukaona malo ndi kukadya zotsekemera. Mwafunsanso ngati mungathe kufikako ku Sintra, tauni ya kumapiri kunja kwa Lisbon. Ife tinapita chaka chatha tili atatu, nyengo ngati yomweyo, ndiye ndikuuzani momwe tinayendera.

Ndiyambe ndi Sintra pomwepo: isiyeni. N'zoona kuti sitima yochokera pa siteshoni ya Rossio imangotenga mphindi pafupifupi 40, ndipo nyumba yachifumu ya Pena ndi yokongola. Koma mukatsika sitima muyenera kukweranso basi yopita kuphiri, kenako mzere wolowera, kenako mzere wa basi yobwerera, tsiku latha. Inu muli ndi tsiku lathunthu limodzi lokha, Loweruka lija, ndipo mukaliwonongera m'mizere mubwerera kuntchito Lolemba miyendo itatupa, Lisbon yeniyeniyo musanaione. Sintra imafuna ulendo wakewake.

Musanagule matikiti a ndege, konzani kaye za visa. Ngati muli ndi mapasipoti a Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Portugal. Pakufunika visa ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Munthu wamkulu amalipira ma euro 90, kuphatikizapo kandalama ka ofesi yolandira mapepala, ndipo amafuna inshulansi ya paulendo yofika ma euro 30,000, umboni wa malo ogona, tikiti yobwerera, kalata ya kuntchito ndi masitetimenti a kubanki. Mutha kupempha kudakali miyezi 6. Yankho limatuluka pa masiku 15 nthawi zambiri, koma litha kutenga mpaka masiku 45, ndipo chimene chimavuta kwambiri ndi kupeza tsiku lokaonekera. Ndiye ngati simunayambe, yambani sabata ino, anayi nonse nthawi imodzi, kuti wina asadzatsalire.

Za Lachisanu sindichulutsa. Ndege yochokera ku London imatenga maola osakwana atatu, ndipo wotchi simusintha, nthawi ya ku Lisbon ndi yomweyi ya kuno. Bwalo la ndege lili mumzinda momwemo, Metro ya mzere wofiira imayambira pomwepo. Pa makina ogulitsa matikiti aliyense agule khadi lake la navegante, aikemo ndalama mwa njira yomwe amati zapping. Khadi lomwelo ligwira ntchito mu Metro, m'basi, mu tramu ngakhale pa boti. Malo ogona funani ku Baixa, pakati pa mzinda, kapena pafupi ndi Rossio chifukwa n'kopanda zitunda. Ku Alfama zithunzi zake zimakopa pa intaneti, koma kukoka sutikesi pa masitepe ajawo usiku si zoti mungakondwere nazo. Dziwaninso kuti mzindawu umalipiritsa alendo msonkho wa ma euro 4 munthu aliyense pa usiku, musadzadabwe akakuuzani. Ndipo nsapato, achemwali, nyamulani zafulati zogwira pansi. Tinjira tawo anayala timiyala toyera ndi takuda tomwe tinasalala ndi mapazi a anthu, kukangowaza mvula timaterera ngati therere.

Tsopano Loweruka, pomwe pagona nkhani. Dzukani m'mawa, musadye chilichonse, mukwere tramu 15E kapena sitima yochokera pa Cais do Sodré mupite ku Belém, dera la m'mbali mwa mtsinje kumadzulo kwa mzindawu, mukafike nthawi isanakwane 9 koloko. Sitolo ya Pastéis de Belém muizindikira ndi matenti ake a buluu. Mukaona mzere panja musataye mtima: ambiri mwa anthuwo akugula zonyamula. Inu lowani, funsani tebulo. Panja pamaoneka ngati kasitolo kakang'ono, koma mkati muli zipinda zambirimbiri, china kulowa m'chinzake, makoma onse okutidwa ndi matailosi a buluu ndi oyera omwe eni ake amati azulejos. Pali ndi pena pomwe mumaona kudzera pagalasi mathileyi akutuluka mu uvuni.

Pastel de nata ndi kakeke kakang'ono kokwana pachikhato. Kunja kuli timapepala ta ufa topyapyala, tosanjikizana, touma mwakuti mukaluma timalira n'kugwera pa chovala. Mkati muli phala la mkaka, shuga ndi chikasu cha mazira, pamwamba pake pali mawanga akuda ngati zapserera, koma ndi momwe zimayenera kukhalira, uvuni wake umakhala wotentha kwambiri. Patebulo mupeza tizitini tiwiri, ka sinamoni ndi ka shuga wosalala ngati ufa woyera. Yoyambayo idyeni yopanda kanthu, yachiwiri ndiye muwazeko sinamoni. Ife tinaitanitsa ziwiriziwiri poyamba, ndipo mnzathu wina yemwe amati sakonda zamazira ndi amene anayamba kukweza dzanja kuitananso woperekera zakudya. Imodzi sifika ma euro awiri. Chakumwa chake itanitsani galão, khofi wamkaka wa m'tambula yagalasi. Bica ndi khofi wakuda wowawa wa m'kakapu kakang'ono, wa okhawo ozolowera.

Ndikuumirira kuti mukhale pansi chifukwa nata ndi chakudya chodya chikadali chofunda. Ikazizira mubokosi timapepala tija timafewa, kukoma kwake kumatsika ndi theka. Ndi chimodzimodzi chitumbuwa chongochotsa m'mafuta ndi chogona.

Mbiri yake ili pafupi pomwepo, mungoyenda mphindi zochepa. Nyumba ya amonke ya Jerónimos anayamba kuimanga mu 1501, nthawi ya mfumu Manuel I. Anthu akumeneko amafotokoza kuti m'nyumba za amonke ndi masisitere ankagwiritsa ntchito choyera cha dzira polimbitsa zovala posita, ndiye chikasu chimatsala chambiri, n'kumachipangira zotsekemera. N'chifukwa chake makeke ambiri a ku Portugal ndi achikasu chonchija. Mu 1834 boma linatseka nyumba za amonke, ndipo kaphikidwe ka makekewa kanafika m'manja mwa eni fakitale yoyenga shuga yomwe inali pafupi. Iwo anatsegula sitoloyi mu 1837, ndipo mpaka lero kasakanizidwe kake ndi chinsinsi cha anthu owerengeka. Za pasitolo iyi zokha ndi zomwe zimatchedwa pastéis de Belém. Kwina konse ndi pastéis de nata.

Mukakhuta lowani m'tchalitchi cha Jerónimos, nsanamira zake zinasemedwa mochititsa kaso, zazitali ngati mitengo ya m'nkhalango. Bwalo lamkati la amonke ndi lolipira, tikiti yake gulirani pa intaneti. Pafupi ndi khomo la tchalitchi pali manda a Vasco da Gama, yemwe ananyamuka pa gombe lomweli mu 1497 n'kukafika pa chilumba cha Mozambique mu Malichi 1498. Apa ndi pomwe ulendo wathu unasinthira. Mmodzi wa ife ndi wa ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique, ndipo agogo ake aakazi anabadwira ku Angónia nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi. Anaima pamandapo nthawi yaitali osayankhula. Titatuluka tinawolokera kumtsinje wa Tejo, pa chipilala chachikulu cha Padrão dos Descobrimentos cha mu 1960. Patsogolo pake pansi anajambula mapu a dziko lonse ndi miyala, mphatso yochokera ku South Africa, osonyeza malo ndi zaka zomwe zombo za Apwitikizi zinafika. Alendo ena ankajambulitsa ataponda dziko lakwawo. Mnzathuyo anagwada, n'kuloza ndi chala cha kumene kuli Zambezi, n'kuyamba kutifotokozera za chibalo chomwe agogo ake ankasimba, amuna akugwidwa kukagwira ntchito yokakamiza, ndi za anthu othawa nkhondo omwe anadzaza mudzi wawo iye ali mwana. Chipilalacho chimatamanda oyenda panyanja, za ukapolo ndi za chibalo sichinena. Ndikukuuzani izi kuti mukapite mukudziwa, chifukwa kwa ife malo amenewa si a zithunzi zokha. Ndipo mukamayenda mumzindamo tcherani khutu: pa sitolo ya nsapato palembedwa sapatos, pa menyu pali batata, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitão. Mawu omwe tinakula nawo tikuyesa ndi athuathu, ena anachita kukwera ndi Zambezi.

Nsanja ya Torre de Belém ili chapafupi kutsata mtsinje. Ioneni kunja basi, n'kokwanira.

Masana bwererani m'tauni mupite ku Chiado. Kumeneko kuli Manteigaria, pafupi ndi Praça Luís de Camões, kasitolo kopanikiza kodyera choimirira, komwe mumaona anyamata akupanikiza ufa m'tizitini ndi chala chachikulu, ndipo amaliza belu nata zatsopano zikatuluka. Gulani imodziimodzi muyerekeze ndi za m'mawa zija. Ife tinatsutsana mpaka madzulo: awiri anati za Manteigaria n'zofewa bwino mkati ndi zotsekemerako, ine ndinakakamira za Belém chifukwa cha kuuma kwa kunja kwake, ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo. Mukatero yendani pang'ono kukaona Convento do Carmo, tchalitchi chopanda denga. Chinagwa pa chivomerezi cha pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, anthu ambiri ali m'matchalitchi. Kenako kunabwera mafunde aakulu ndi moto womwe unayaka masiku angapo. Mukaima mkati mumangoona mizati ndi thambo. Misewu yowongoka ya ku Baixa komwe mudzagoneko inamangidwa pambuyo pa tsoka limeneli, motsogozedwa ndi Marquês de Pombal, nduna ya mfumu ya nthawi imeneyo.

Madzulo mudzakhala mutatopa ndi shuga, pakamwa padzafuna zamchere. Ife tinapita ku Mouraria, dera lomwe kuli anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, tinapeza malo odyera a anthu a ku Mozambique n'kuitanitsa matapa. Achemwali, ndi chigwada chotendera, kungoti iwo amathirako mkaka wa kokonati ndi nkhanu kapena tizinkhanira ta m'nyanja. Mnzathu wa ku Ntcheu uja atangolawa anatseka maso. Ngati mukufuna za eni dziko, yesani bacalhau, nsomba youma yamchere yomwe amaiphika m'njira zambiri. Chenjezo limodzi: buledi, ma olive ndi tchizi zomwe amaika patebulo musanaitanitse si zaulere. Amati couvert, mukadya mulipira. Lachisanu pamalo ena ife tinadya tikuyesa ndi ulemu wolandirira alendo, bilu inabwera itakwera ndipo woperekera zakudya sanafune n'komwe kutifotokozera. Ngati simukuzifuna, nenani mwaulemu azichotse. Ndipo poti ndinu akazi, pothokoza muziti obrigada. Obrigado ndi ya abambo.

Lamulungu ndi la tramu 28, kangolo kachikasu kamatabwa kamene mumakaona pa zithunzi zonse. Imayambira pa Martim Moniz, ndipo mukafika cha m'ma 8 koloko mupeza mpando. Masana anthu amadzazana ngati matumba, ndi pomwenso opisa m'matumba amapezerapo mpata, ndiye kachikwama kazikhala kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Musapite nayo mpaka kumapeto. Tsikirani ku Graça, mukwere pang'ono kufika pa Miradouro da Senhora do Monte, pamene mzinda wonse umaonekera: madenga ofiira, linga la São Jorge, mtsinje, ndi mlatho wofiira wa 25 de Abril. Mlathowu unatsegulidwa mu 1966, ndipo dzina lomwe uli nalo pano ndi la tsiku lomwe asilikali anagwetsa boma lankhanza mu 1974, zomwe zinatsegula njira yoti Mozambique ilandire ufulu pa 25 Juni 1975. Kuchoka apo tsetserekani wapansi kudzera ku Portas do Sol ndi m'tinjira ta Alfama, momwe amayi amayanika zovala pa mawindo ngati kwathu pa chingwe. Kutsika n'kosavuta, n'chifukwa chake ndikuti tramu ikukwezeni, miyendo ikutsitseni.

Mukafika pansi, pa Praça da Figueira pali Confeitaria Nacional, ya mu 1829, yokhala ndi makabati amatabwa akalekale. Apa nata zisiyeni kaye. Tengani bola de Berlim, yomwe ili ngati mandasi aakulu ofewa ogubuduzidwa mu shuga, odulidwa pakati n'kuikamo phala lachikasu la mazira, ndi pão de Deus, bani yofewa ya kokonati pamwamba. Gulani zosiyanasiyana, mupemphe mpeni, chilichonse muchidule panayi. Umu ndi momwe tinalawira zinthu zambiri osadwala m'mimba ndiponso osawononga ndalama. Chapafupi pomwepo pali Largo de São Domingos, bwalo lomwe Aafirika, makamaka a ku Guinea-Bissau, amakumanapo kucheza, ndi tchalitchi chomwe chinapsa mu 1959 n'kusiyidwa mizati yake ili yowauka choncho. Pakona pali kasitolo ka ginjinha, mowa wotsekemera wa zipatso za cherry wa m'kakapu kakang'ono, kwa amene amamwa.

Ngati ndege yanu ndi yausiku, kwerani boti pa Cais do Sodré muwolokere ku Cacilhas, mphindi 10 zokha ndi khadi lomwe lija, mukaone Lisbon muli tsidya lina. Za kunyamula mabokosi a nata kubwera nawo kuno musavutike, zikafika zitafewa. Ndalama imeneyo idyereni komweko, yomaliza mukaidye yofunda musanakwere Metro yopita ku bwalo la ndege. Mukapeza tsiku la visa mutiuze muno, ndipo amene akufuna kuona momwe ndinalembera kalata yofotokoza ulendo andilembere ku inbox ndimutumizire.